Mipando khumi ya a Mutambara: gwero la mkangano wa 2011 ku Zimbabwe

Mu Januwale 2011 chipani chaching'ono cha MDC ku Zimbabwe chinasankha a Welshman Ncube kukhala mtsogoleri m'malo mwa Pulofesa Arthur Mutambara. A Ncube anafunanso mpando wa wachiwiri kwa nduna yaikulu, koma a Mutambara anaukakamira. Mkanganowu unachokera pa mmene mphunzitsi wa uinjiniya ameneyu analowera m'ndale.

A Mutambara anabadwa mu 1966. Dzina lawo linamveka ali pa University of Zimbabwe, pomwe anatsogolera ophunzira pa zionetsero zodzudzula katangale m'boma la a Robert Mugabe, mpaka kutsekeredwa m'chitokosi mu 1989. Kenaka anapita ku Oxford, komwe anafufuza mmene masensa ambiri a loboti angagawanirane uthenga popanda kompyuta imodzi yolamulira zonse. Atatenga digiri ya udokotala, anakaphunzitsa uinjiniya ku Florida.

Kwawo zinthu zinasokonekera pa 12 Okutobala 2005. Khonsolo ya MDC, chipani chotsutsa boma, inavota 33 kwa 31 kuti chipani chipikisane nawo pa chisankho cha Senate (nyumba yachiwiri ya malamulo), mtsogoleri wake a Morgan Tsvangirai anakana zotsatirazo, chipani n'kugawika. Akuluakulu a gulu lopatukalo, a Ncube ndi a Gibson Sibanda, mphamvu zawo zinali ku Matabeleland, ndipo panali mantha oti anthu aziti n'chipani cha Andebele okhaokha. Mu Febuluwale 2006, pa msonkhano wa ku Bulawayo, anaika a Mutambara pampando: Mshona, wophunzira, wosakhudzidwa ndi mkangano wa Senate. Vuto linagona pomwepo, pakuti nthambi za chipani ndi makomiti a m'maboma zinatsala m'manja mwa amene anawaitanawo.

Chisankho cha Malichi 2008 chisanafike, zokambirana zoti magulu awiriwo ayimire limodzi zinalephereka pa nkhani yogawana madera. A Mutambara anathandiza a Simba Makoni pa upulezidenti. A Makoni anapeza mavoti 8.3 pa 100 alionse, a Tsvangirai 47.9, a Mugabe 43.2. Popeza lamulo limafuna kupitirira theka, panachitika chisankho chachibwereza, chomwe chinadzetsa ziwawa zoopsa mpaka a Tsvangirai kuchokamo. Otsutsa boma analuza kwambiri chifukwa cha kugawikanaku, ndipo mlanduwo uli ndi mbali zonse ziwiri.

A Mutambara eni akewo analuza mpando wa uphungu ku Zengeza East. Komabe chipani chawo chinapata mipando khumi m'nyumba ya aphungu 210, pamene MDC ya a Tsvangirai inali ndi 100 ndipo ZANU-PF ya a Mugabe 99. Kuti upambane voti nyumba yonse ilipo umafunika 106, choncho aliyense ankafuna khumiwo. Luntha la a Mutambara linaonekera apa. Pa mgwirizano wogawana mphamvu m'boma wa pa 15 Seputembala 2008, womwe mkhalapakati wake anali a Thabo Mbeki, anasaina monga mmodzi wa atsogoleri atatu. Pa maunduna 31, chipani chawo chinalandira atatu, ZANU-PF 15, a Tsvangirai 13, a Mutambara n'kulumbirira uwachiwiri kwa nduna yaikulu pa 11 Febuluwale 2009.

Koma aphungu si manambala. Mu Ogasiti 2008 chipani cha a Mutambara chinaimika a Paul Themba Nyathi pa usipikala, ZANU-PF n'kuwathandiza. Voti inali yachinsinsi, ndipo a Lovemore Moyo a kwa a Tsvangirai anapambana 110 kwa 98. Aphungu a ku Matabeleland, dera limene silinaiwale kuphedwa kwa anthu pa Gukurahundi, pomwe asilikali a boma la a Mugabe anapha anthu ambiri m'zaka za m'ma 1980, zikanawavuta kubwerera kwawo atavota limodzi ndi ZANU-PF. Mu 2009 chipani cha a Mutambara chinachotsa atatu mwa khumiwo powaganizira kuti akugwira ntchito ndi a Tsvangirai.

Pofika 2011 funso linali loti mpandowo ngwa munthu kapena wa chipani. A Ncube ankati ngwa chipani chomwe chinasaina mgwirizano. A Mugabe anati sangachotse munthu amene anamulumbiritsa pokhapokha atatula yekha udindo. Nkhaniyo inazungulira m'makhoti, a Mutambara ali pampando opanda chipani, mpaka boma la mgwirizano linatha mu 2013. Pambuyo pake anabwerera ku ntchito ya maphunziro, pa University of Johannesburg.