Musanaboole denga la galimoto kuti muike sunroof

Funso lake limabwera m'mawu amodzimodzi nthawi zonse: "Ndapeza sunroof pa sikirapu, yochotsa pa galimoto yofanana ndi yangayi, galasi ndi mota zonse zili bwino. Kuboola denga n'kuikapo kungadye maola angati?" Abwana, sunroof (zenera la galasi la padenga) yochotsa pa galimoto ina siikidwa pa denga lomwe linachoka ku fakitale losabooledwa. Zimenezi ndatopa kuzifotokoza kwa anthu oti aboola kale.

Denga la galimoto yomwe inabwera ndi sunroof yake linaumbidwa mosiyana ndi lanulo. M'mbali mwa bowo lata analipindira pansi ndi makina kuti pakhale mlomo wolimba pomwe rabala ya galasi imatsamira. Kunsi kwake kuli chimango chachitsulo chomwe anachilumikiza ndi denga, ndipo pa chimango chimenecho ndi pomwe pamamangidwa mabawuti a sunroof yonseyo. Lanulo ndi lata losalala, lokhuthala mamilimita pafupifupi 0.7 kapena 0.8 basi. Mukaliboola mumatsala ndi m'mphepete mwakuthwa ngati mwa chitini, mopanda potsamira rabala, mopanda pomangapo bawuti.

Chomwe ambiri sachidziwa n'chakuti sunroof ya ku fakitale imalowetsa madzi, ndipo anaipanga akudziwa zimenezo. Rabala yake imangochepetsa. Madzi odutsa pamenepo amagwera m'ngalande yozungulira galasi kunsi kwake, n'kutsika kudzera m'timapaipi tinayi, tiwiri m'nsanamira za kutsogolo m'mbali mwa windscreen, tiwiri m'nsanamira za kumbuyo, mpaka kukatulukira pansi pa galimoto. Wogulitsa pa sikirapu uja timapaipi timeneti amangotidula ndi mpeni pochotsa. Wokuikirani pansi pa mtengo saona n'komwe kuti panali timapaipi.

Galimoto yomwe imandipweteka mtima ndi iyi, ndipo imafika m'magalaja chaka ndi chaka cha mu Febuluwale. Ndi saluni yakale yochokera ku Japan, injini ikadali yabwino, thupi lopanda dzimbiri kwina konse. Mwini wake anaikitsa sunroof ya pa sikirapu mu Okutobala, kunja kukutentha, kopanda ndi dontho lomwe la mvula loti n'kuulula cholakwika. Mmisiri anadula denga ndi grinder, anadulira limodzi mtanda wachitsulo wa pakati wolimbitsa denga chifukwa unkamutchinga, anaotcherera tizitsulo tiwiri togwirira, ndipo mipata yotsala anaimata ndi filler ndi silikoni wa ku hardware. Tsiku lotuluka inkaoneka bwino ndithu. Mvula yoyamba ya mu Novembala siling'i inachita kabanga kakang'ono pakona. Mwini anati tiona mvula ikatha, namata tepi pamwamba.

Madzi sadontha pomwe alowera. Amayenda pamwamba pa siling'i, n'kutsika ndi nsanamira ya kutsogolo, n'kukafika pomwe pali bokosi la mafyuzi ndi zolumikizira mawaya pafupi ndi phazi la dalaivala. Akachoka apo amalowa pansi pa kapeti. Kunsi kwa kapeti kuli chinsalu chokhuthala chomwe chimamwa madzi ngati siponji, moti pamwamba mukhoza kugwira pouma pansi pali chithaphwi. Pofika Febuluwale galimoto ija ikununkha chuku, magalasi akuchita nthunzi m'mawa uliwonse, nyali ya airbag yayaka, mawindo akutseguka tsiku lomwe afuna. Mukatukula kapeti, timapini ta zolumikizira mawaya tasanduka tobiriwira, pansi pachita dzimbiri lofiira. Kabokosi kolamulira ma airbag m'magalimoto ambiri kamakhala pansi penipeni, pakati pa mipando ya kutsogolo, ndiye kamakhala m'chinyezi miyezi itatu. Padenga, mukamatula filler uja, lata likufumbutuka m'manja.

Apo mwini amafunsa kuti bwanji tingotseka ndi chigamba. Lata la denga ndi lalikulu, lopyapyala, ndipo likamva moto wa kuotcherera limapindika mafunde omwe panel beater amavutika nawo masiku. Kukonza kwenikweni n'kusintha lata lonse la denga: kuchotsa windscreen ndi galasi lakumbuyo, kuboola ma spot weld (timadontho ta kuotcherera togwira lata) onse ozungulira, kubwezeretsa mtanda, kuika lata lina, kupaka penti. Pa galimoto yakale ndalama yake imayandikira mtengo wa galimotoyo. Akanabwera sabata ya kabanga koyamba kaja, mawaya ndi pansi zikanapulumuka.

Ilipo sunroof yomwe munthu wa manja osamala angaike yekha. Ndi ya mtundu wa pop-up, yomwe galasi lake limangotukuka kumbuyo ndi chogwirira cha pamanja. Imagulitsidwa yatsopano ngati kit, ndipo kukula kodziwika kwambiri ndi masentimita 38 ndi 76. Ili ndi zimango ziwiri, china pamwamba pa denga china kunsi, zomwe zimapana lata pakati. Ilibe timapaipi chifukwa anaipanga kuti itsekeretu madzi ndi rabala. Ya mtundu wa spoiler, yomwe galasi limatukuka n'kutsetserekera kumbuyo pamwamba pa denga, imamangidwa chimodzimodzi koma nthawi zambiri imafuna magetsi. Ya inbuilt, yomwe galasi limalowa pakati pa denga ndi siling'i, isiyireni okhala ndi zida zake: imafuna timapaipi, imafuna kulimbitsa denga, imadyanso masentimita angapo a malo a mutu. Kit yopanda pepala lojambulira bowo ndi malangizo ake musagule. Galasi lake likhale ndi chidindo chosonyeza kuti ndi tempered, lomwe likasweka limayoyoka timibulu. Galasi la mawindo a nyumba lodulitsa kwa ogulitsa magalasi limasweka mipeni, ndipo lidzakhala pamwamba pa mitu ya ana anu.

Musanagule n'komwe, tsitsani siling'i yonse muone denga kunsi kwake. Kugogoda ndi chala kunja sikukwanira. Mudzaona mitanda yachitsulo yopingasa kuchoka mbali ina kufika mbali ina, yomatidwa ku lata ndi phala lofewa. Wolumikiza nsanamira ziwiri za pakati, zomwe zili pakati pa zitseko, ndi womwe umathandiza kuti denga lisaphwanyikire mkati galimoto ikagubuduzika kapena ikagundidwa m'mbali. Umenewo saudula. Ngati bowo silikukwana pakati pa chitsulo cha pamwamba pa windscreen ndi mtanda umenewu, galimoto yanu siyoika sunroof ya kukula kumeneko, nkhani yathera pomwepo. Denga la mizere yotukuka, monga la Hiace, nalonso ayi, chifukwa chimango sichingakhale pansi mofanana pa mizere. Ikani chimango chapamwamba padenga musanadule chilichonse muone ngati kupindika kwake kukugwirizana ndi kwa denga. Ngati pakona pakutsala mpata woonekera, musadzinamize kuti ma screw adzakoka. Adzakokadi, koma ndi lata lomwe lidzapindike, ndipo pamenepo padzakhala kadziwe. Denga lomwe linamatidwapo filler kapena lili ndi matuza a dzimbiri pansi pa penti lisiyeni.

Potsitsa siling'i chotsani waya wa negative pa batire, mudikire masekondi osachepera 90 monga Toyota imalangizira, chifukwa magalimoto ambiri ali ndi ma airbag m'mphepete mwa denga. Zolumikizira zachikasu ndi za airbag, musazikhudze ndi tester. Mawaya a nyali ya m'kati ndi a eriyo muwachotse panjira.

Pakati pa denga mupeze poyeza ndi tepi kuchokera m'mphepete monse muwiri, kutsogolo ndi kumbuyo. Matani masking tape mizere iwiri kapena itatu kuzungulira podulapo kuti chida chisakande penti, mumate pepala lojambulira lija, muyeze kachiwiri kuchokera ku makona a windscreen. Boolani bowo loyambira la mamilimita 10 mkati mwa mzere, mbali yotayidwa. Chodulira chabwino ndi nibbler kapena shears zodulira lata. Jigsaw imatheka ngati mpeni wake ndi wa chitsulo wa mano ang'onoang'ono, 24 pa inchi kapena kuposa, ndipo wina agwirizize lata kunsi kuti lisanjenjemere. Grinder ayi. Imatenthetsa lata n'kulipinda, imawotcha penti m'mbali mwa bowo, ndipo moto wake wothetheka umamatirira pa windscreen ndi pa penti, n'kusiya timadontho tomwe sitichoka. Dulani mkati pang'ono mwa mzere. Bowo laling'ono mumalikuza ndi tupa, lalikulu mulibe nalo chochita.

Fumbi lachitsulo lichotsedwe tsiku lomwelo, padenga, m'ngalande za m'mbali, pa boneti ndi m'kati momwe. Likagona usiku umodzi pa mame, m'mawa mupeza timadontho ta dzimbiri paliponse. Mipando muifunde musanayambe.

Pano ndi pomwe anthu ambiri amathamangira, chikhalirecho ndi pomwe pagona moyo wa dengalo. M'mphepete mwa bowo musalaze ndi tupa mpaka chala chidutse osakodwa, mupukute ndi mankhwala ochotsa mafuta, mupake primer ya epoxy kapena ya zinc kawiri, kunja ndi kunsi, mudikire iume malinga ndi zomwe zalembedwa pa chitini. Pomatira gwiritsani rabala kapena phala lomatira la butyl lomwe labwera mu kit. Silikoni wa m'bafa, uja wonunkha viniga, amatulutsa asidi akamauma, ndipo asidi ameneyo amayambitsa dzimbiri pa chitsulo chomwe mwangodula kumene. Pomwe wapakidwa silikoni penti samagwiranso. Ma screw a chimango mumange pang'onopang'ono modumphadumpha, iyi kenako ya mbali inayo, monga timangira manati a tayala, ndi screwdriver ya pamanja. Mukamanga mbali imodzi mpaka kuthina, chimango chimapendekeka ndipo galasi silikhala bwino pa rabala.

Ngati ndi ya magetsi, moto utengedwe pa waya woyaka ndi kiyi, udutse pa fyuzi yakeyake ya mphamvu yomwe opanga alemba, ndipo podutsa pa chitsulo wayayo avekedwe rabala. Waya wa nyali ya m'kati ndi wochepa, sunganyamule mota.

Siling'i musaibwezere musanayese madzi. Wina akhale m'kati ndi tochi, wina athire madzi ndi paipi padenga mphindi 10 mpaka 15, galimoto ili poyalana, kenako itayang'ana kumtunda, kenako kumunsi. Kabanga kamodzi pakona ndi chifukwa chokwanira chomasulira n'kuyambiranso kumata. Mukatha, auzeni a inshuwalansi kuti denga lasinthidwa, kuopa kudzakangana nawo tsiku la ngozi.

Dzuwa lathu ndi fumbi la chilimwe zimaumitsa rabala msanga. Ipukuteni ndi nsalu yonyowa kamodzi pa mwezi, muipake girisi wa silikoni wopangidwira rabala. Girisi wamba ndi oilo wa injini zimaifufumitsa n'kuiwononga. Amene galimoto zanu zinabwera ndi sunroof ya ku fakitale, mvula isanayambe tsegulani galasi muthire kapu ya madzi m'ngalande ija muone ngati akutulukira pansi makona onse anayi. Kapaipi kotsekeka mutsegule ndi chingwe chofewa cha nayiloni, ngati cha makina odulira kapinga. Waya wachitsulo amaboola kapaipi, ndipo mpweya wa compressor umakazula pomwe kalumikizidwa, kuseri kwa siling'i komwe simukuonako.

Ngati yanu yayamba kale kudontha, lero lomwe tukulani kapeti mbali zonse ziwiri za kutsogolo mulowetse dzanja kunsi kwa chinsalu chija. Mukapeza chonyowa, chituluke chikaume padzuwa, galimoto igone pansi pa denga kapena pa lona, ndipo mawa ipite kwa panel beater yemwe adzayambe watsitsa siling'i asanatchule mtengo.