Maungu anu sakudwala, njuchi ndiye mwazipha

Funso ili ndatopa nalo: "Alangizi, timaungu tanga tikungochita chikasu n'kuyoyoka tisanakule, ndipopere mankhwala anji?" Musapopere chilichonse. Nthawi zambiri si matenda ayi, mungu ndi umene sunafike.

Dzungu limachita maluwa aamuna ndi aakazi pa chomera chomwecho. Lalikazi mulidziwa ndi kadzungu kamene kali kunsi kwake. Limatsegula m'mamawa, pofika masana lafota, ndipo silidzatsegulanso. Mungu wake ndi wolemera ndiponso womata, mphepo siingaunyamule. Pamafunika njuchi, ndipo ulendo umodzi sukwanira.

Mayi wina amandiwawabe mumtima. Anaona nsabwe pamasamba, n'kugula mankhwala a m'kabotolo kopanda dzina kwa munthu amene anawauza kuti amapha "chilichonse". Sananame. Anapopera katatu, m'mawa, maluwa ali chitsegukire. Nditafika ndinapeza njuchi zitauma m'kati mwa maluwa, miyendo itapindika. Pansi pa masamba panali timphutsi takuda ta mawanga achikasu, ngati ting'ona, nato titafa. Mayiwo ankati ndi adani. Chonsecho amenewo ndi ana a kachikumbu kofiira ka madontho akuda, ndipo chakudya chawo ndi nsabwe zomwezo. Patapita milungu iwiri nsabwe zinabwerera zochuluka kuposa kale, wozidya palibe. Akanandiitana asanatsegule botololo, nyengo ija sikanapita pachabe.

Ngakhale mankhwala olembedwa bwino muziwerenga. Ena amalowa m'thupi la chomera mpaka mu mungu ndi timadzi ta m'duwa. N'chifukwa chake mu 2018 bungwe la mayiko a ku Ulaya la European Union linaletsa kugwiritsa ntchito mankhwala otere a imidacloprid, clothianidin ndi thiamethoxam m'minda ya panja. Ngati kupopera sikungapeweke, poperani madzulo njuchi zitaweruka, osati pa maluwa.

Zokopa tizilombo tothandizati sizovuta. Bzalani mpendadzuwa m'mphepete, musiye coriander ndi mpiru wina zichite maluwa m'malo mozula zonse. Ikani madzi m'kambale kosazama, muponyemo timiyala kuti njuchi zisamire. Ndipo musalime paliponse: mwa mitundu pafupifupi 20,000 ya njuchi, yambiri sikhala mumng'oma, imakumba timayenje m'dothi. Kamalo kouma kopanda udzu kaja, kamene mumafuna kukagalauza, kasiyeni.

Podikira kuti njuchi zibwerere, dzukani m'mamawa, thyolani duwa lalimuna, chotsani timasamba take, n'kukhudzitsa mungu pakati pa duwa lalikazi.