Nkhondo ya Hitler Inasintha South Africa Kunja ndi Mkati

Amalawi ambiri okhala muno mu Johannesburg tikamva za ulamuliro wa tsankho timaganiza za chaka cha 1948. Tsankho linalipo kale chisanafike chakachi, koma kuti timvetse chifukwa chimene linakhwimira panthawiyo, tiyenera kubwerera ku Nkhondo Yachiwiri ya Padziko Lonse, imene akuluakulu kwathu ankaitcha nkhondo ya Hitler. Nkhondoyi sinamenyedwe pa nthaka ya South Africa, komabe inasintha mmene mayiko ena ankalionera dzikoli, ndiponso inasintha mzinda uno.

Kulowa m'nkhondomo kunagawa azungu okhaokha. Pa 4 September 1939 nduna yaikulu, J.B.M. Hertzog, anapempha nyumba ya malamulo kuti dzikoli lisatenge mbali, pamene wachiwiri wake, Jan Smuts, ankafuna kuti liime ndi Britain. Maganizo a Smuts anapambana ndi mavoti 80 kwa 67, ndipo iye anakhala nduna yaikulu. Mabunu ambiri, amene anali asanaiwale nkhondo yawo ndi Angelezi ya 1899 mpaka 1902, sanakhululuke. Ena analowa gulu la Ossewabrandwag limene linkakondera Germany, ndipo mmodzi mwa omwe boma linawatsekera ku Koffiefontein chifukwa cha zimenezi anali B.J. Vorster, yemwe anadzakhala nduna yaikulu mu 1966.

Anthu oposa 330,000 anadzipereka kupita ku usilikali, ndipo pafupifupi 77,000 mwa iwo anali akuda. Boma silinkafuna kuti munthu wakuda agwire mfuti, choncho iwowa ankayendetsa magalimoto, kunyamula ovulala, kuphika ndi kukumba maenje, ndipo alonda ena ankapatsidwa mikondo. Ngakhale zinali choncho, Job Maseko, atagwidwa ndi adani ku Tobruk, m'dziko la Libya, mu 1942, anamiza chombo cha adaniwo ndi bomba limene anapanga yekha. Anzawo a ku Nyasaland, omwe anali m'gulu la King's African Rifles, ankanyamula mfuti ndipo anakamenya nkhondo mpaka ku Burma.

Koma kusintha kwakukulu kunachitika kuno kumudzi. Katundu amene kale ankabwera pa sitima za pamadzi kuchokera ku Ulaya anasowa, ndipo dzikoli linayamba kudzipangira lokha nsapato, zovala, zipolopolo ndi magalimoto ankhondo. Mafakitale anachuluka pamene azungu ambiri odziwa ntchito anali kunkhondo, motero mabwana analibe kuchitira mwina koma kulemba anthu akuda, ndipo mu 1942 boma linafewetsa kwa kanthawi malamulo a zitupa m'mizinda. Anthu anakhamukira ku Johannesburg, ambiri ndi mabanja awo, koma nyumba sizinkamangidwa chifukwa ndalama ndi zipangizo zinkapita kunkhondo. Mu 1944 James Mpanza anatsogolera mabanja osowa pokhala kukamanga zisakasa za masaka pafupi ndi Orlando, ndipo gulu lake la Sofasonke linakakamiza khonsolo kuyamba kuganizira za nyumba m'dera limene lero timalitcha Soweto. Ku Alexandra, mtengo wa basi utakwera kuchoka pa makobiri 4 kufika pa 5, anthu anasankha kuyenda wapansi makilomita oposa 10 kupita kuntchito mu 1943 ndiponso mu 1944. Kobiri imodzi ingaoneke yochepa, koma kwa munthu amene malipiro ake sankakwera pamene mitengo ya chakudya inkakwera, inali nkhani ya kudya kapena kugona ndi njala.

Nkhondo inabweretsanso mawu atsopano m'ndale. Mu August 1941 Winston Churchill, nduna yaikulu ya Britain, ndi Franklin Roosevelt, pulezidenti wa America, analengeza chikalata cha Atlantic Charter, chonena kuti mtundu uliwonse uli ndi ufulu wosankha boma lake. Churchill ankaganiza za mayiko a ku Ulaya amene Germany inalanda, koma Aafirika anawamva mawuwo monga momwe analembedwera. Mu December 1943 chipani cha ANC, motsogozedwa ndi Dr A.B. Xuma, chinavomereza chikalata chofuna ufulu wonse wa nzika, ndipo mu 1944 achinyamata monga Anton Lembede, Nelson Mandela, Walter Sisulu ndi Oliver Tambo anakhazikitsa nthambi ya achinyamata ya chipanicho. Chaka chomwecho kwathu kunabadwa Nyasaland African Congress. Mu August 1946 anthu pafupifupi 70,000 ananyanyala ntchito m'migodi ya golide, momwe munkagwiranso ntchito abale athu obwera kudzera ku Wenela, ndipo apolisi anathetsa sitalakayo ndi mfuti.

Kunja, Smuts anali pachimake cha ulemu. Mu 1945 ku San Francisco anathandiza kulemba mawu oyamba a malamulo a bungwe la United Nations, mawu otchula ufulu wa munthu aliyense. Anali ngati mlenje amene watchera msampha n'kudzakodwamo yekha, chifukwa pa msonkhano waukulu wa bungweli mu 1946 nthumwi za India, motsogozedwa ndi Vijaya Lakshmi Pandit, zinadzudzula South Africa chifukwa cha lamulo latsopano loletsa Amwenye kugula malo m'madera ena, ndipo mayiko ambiri anagwirizana nazo. Msonkhano womwewo unakana pempho la Smuts lakuti South West Africa, imene dzikoli linalanda kwa Germany mu 1915, ikhale gawo la South Africa. Mkangano umenewu unatha mu 1990 pamene South West Africa inalandira ufulu n'kukhala dziko la Namibia. M'kuona kwanga, apa ndi pamene dzikoli linataya mwayi wonena kuti za m'nyumba mwake siziwakhudza anthu akunja.

Azungu ambiri ovota anaona anthu akuda akuchuluka m'mizinda, masitalaka akubuka, mayiko akunja akuloza zala, ndipo anachita mantha. Chipani cha D.F. Malan chinalonjeza kubweza zonsezi m'mbuyo, ndipo mu May 1948 chinapeza mipando yambiri ngakhale kuti mavoti ake anali ochepa poyerekeza ndi a mbali ya Smuts, yemwe anagwa ngakhale m'dera lake la Standerton.

Kuyambira pamenepo South Africa inanka nitaya mabwenzi. Inatuluka mu Commonwealth mu 1961, ndipo mu 1974 nthumwi zake zinaletsedwa kutenga mbali pa msonkhano waukulu wa United Nations. Kusungulumwa kumeneku n'kumene kunachititsa boma la South Africa kulandira ndi manja awiri ubale wa ukazembe ndi Malawi mu 1967, ndi kupereka ngongole imene inathandiza kumanga likulu latsopano ku Lilongwe, panthawi imene mayiko ena onse olamulidwa ndi anthu akuda ankakana kusinthana nayo akazembe.