Kusiya mankhwala a dipuleshoni: mafunso amene anthu amafunsa mochedwa

Achemwali anga a ku Bangwe anamwa amitriptyline, mankhwala a dipuleshoni (matenda a kukhumudwa kwambiri), miyezi naini. Atayamba kupeza bwino, kudya bwino, mpaka kubwerera ku geni yawo ya kaunjika ku Limbe, anangowasiya mapilisi aja Lachiwiri lina osauza munthu. Pofika Lachisanu anali gone pamphasa, chizungulire, nseru, thupi kuphwanya, usiku maso ali gwa, mtima uli phaphapha ngati athamangitsidwa. Tinakayezetsa malungo kawiri, mulibe. Ena pamudzi anali atayamba kale zoti pali dzanja la munthu. Nesi wa za matenda a maganizo anangofunsa kamodzi kokha kuti, "Mayi, mapilisi aja munasiya liti?" basi nkhani yonse inathera pompo. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene ife tinafunsa zinthu zitavuta kale.

Lamulo lake kwenikweni ndi loti chani?

Mankhwala amenewa sasiyidwa tsiku limodzi ngati Panado. Amatsitsidwa pang'onopang'ono mogwirizana ndi dokotala kapena nesi amene amakulemberani. Ndipo kupeza bwino si belu loti wewerukani ayi, malangizo amati mupitirize miyezi ina 6 kuchokera pamene mwachira, ndipo ngati matendawa anakugwiranipo kangapo m'mbuyomu akhoza kukuuzani zaka ziwiri kapena kupitirira apo. Nthawi yosiya ikakwana, kutsitsako kumatenga milungu inayi kapena kuposa, kwa amene amwa zaka zambiri ndi nkhani ya miyezi ndithu.

Nanga thupi limavutiranji chonchi, si mapilisi chabe?

Mapilisiwa amasintha momwe timichere tina ta mu ubongo timagwirira ntchito, makamaka kena kotchedwa serotonin, ndiye pakapita miyezi ubongo umakhala wadzikonza kuti uziyenda limodzi ndi mankhwalawo. Mukawachotsa kamodzin'kamodzi zimakhala ngati minibasi ikutsetsereka pa Chipembere Highway dalaivala n'kuponda buleki mwadzidzidzi, nonse mumagwera kutsogolo ngakhale galimoto ilibe vuto. Ubongo umatha kubwerera mwakale koma umafuna nthawi.

Komanso mankhwala amasiyana. Amene amachoka msanga m'magazi, monga paroxetine ndi venlafaxine, ndi amene amazunza kwambiri, ena akangolumpha tsiku limodzi amamva kale. Fluoxetine, kapisozi uja wa 20 mg, amachedwa kuchoka m'thupi ndiye nthawi zambiri savuta kwenikweni, koma akati avute zimabwera mochedwa, patatha sabata kapena kuposa, munthu ataiwala kale zoti anasiya kena kake. Amitriptyline ndi amene ambiri timalandira mzipatala za boma, ndipo ena amapatsidwa chifukwa cha kuyaka kwa mapazi osati dipuleshoni, nawonso lamulo ndi lomweli.

Ndimva bwanji zikayamba?

Nthawi zambiri zimayamba pakatha masiku awiri mpaka anayi. Chizungulire, nseru, mutu, thukuta, kuphwanya thupi kokhala ngati malungo kapena chimfine, kusowa tulo, maloto oopsa owoneka ngati zenizeni, kupsa mtima ndi tinthu tating'ono, kulira kopanda chifukwa, ndi nkhawa yoti munthu amalephera kukhala pansi. China chimene chimaopsa anthu kwambiri ndi kumva ngati shoko ya magetsi m'mutu, ka "zii" kachangu, makamaka ukatembenuza maso. Ambiri safotokoza zimenezi kuchipatala kuopa kuti awatumiza ku Zomba, koma si misala, madokotala amazidziwa bwinobwino ndipo mukawauza ndiye kuti mwawafupikitsira ntchito.

Kwa ambiri zimatha pa sabata imodzi kapena ziwiri. Koma tisanamizane, kwa ena zimakoka miyezi. Kale madokotala ankazipeputsa, mpaka mu 2019 bungwe la malangizo a zaumoyo la NICE la ku Britain linasintha malangizo ake n'kuvomereza kuti kwa anthu ena zimakhala zowawa kwambiri ndiponso zimatenga nthawi yaitali. Ndiye wina akakuuzani kuti mukungodziganizira, musamumvere.

Ndiye kuti ndasanduka chidakwa cha mankhwala?

Ayi. Wa kachasu kapena wa chamba amachita kuchilakalaka chinthucho, amawonjezera mlingo, amagulitsa ndi ndowa yomwe ya m'nyumba. Si kawirikawiri munthu kudzuka m'mawa ali ndi chibaba cha amitriptyline. Thupi langozolowera basi. Diazepam, mankhwala ogonetsa aja, ndi nkhani ina, ameneyo amakola ndithu, ndipo si wogula pakona kuti akugonetseni pamene mukuvutika ndi tulo.

Ndidziwa bwanji kuti ndi zosiya mankhwala kapena matenda aja abwereranso?

Apa ndiye pamene pamasokoneza ngakhale achipatala, chifukwa nkhawa ndi kulira zimapezeka konsekonse. Yang'anani zinthu zitatu izi koma. Choyamba nthawi: zosiya mankhwala zimabwera msanga, masiku ochepa chabe mutasiya kapena mutatsitsa dozi, pomwe dipuleshoni ikamabwerera imakwawa pang'onopang'ono pa milungu kaya miyezi. Chachiwiri, dzifunseni ngati zimene mukumvazi munkazimvanso musanayambe mankhwala. Ngati poyamba paja vuto linali kusowa chimwemwe ndi kudziona wachabechabe, koma pano ndi chizungulire ndi mashoko m'mutu zimene simunazimvepo chibadwire, ndiye kuti mwina ndi thupi likufunafuna mapilisi aja. Chachitatu ndi chimene tinaona kwa achemwali anga, atabwezeredwa pa dozi yawo yakale masiku awiri atatu anali atadzuka akuchapa, pomwe dipuleshoni yeniyeni siimva mankhwala msanga chonchi, imafuna milungu.

Ubwino wosiyanitsa ndi woti munthu asamangidwe pa mapilisi zaka ndi zaka poganiza kuti sangakhale popanda iwo, chikhalirecho vuto linali kasiyidwe.

Kutsitsako kumayenda bwanji?

Dokotala amachepetsa dozi, mukhala milungu ingapo thupi likhazikike, kenako achepetsanso. Zikavuta mumaima pomwepo kaye kapena kubwerera sitepe imodzi, si mpikisano. Chimene ambiri sadziwa n'choti kumapeto ndiye kovuta, kuchoka pa dozi yaing'ono kufika pa ziro kumawawa kuposa masitepe oyamba aja, n'chifukwa chake kumapetoko amatsitsa tizidutswa ting'onoting'ono. Za kudula piritsi pakati kapena kulumpha masiku musazipange nokha, pa fluoxetine nthawi zina amalola kulumphitsa koma pa mankhwala ochoka msanga m'magazi kulumpha masiku kumangokuzunguzani. Muziwauza alembe pulani yonse mu buku lanu la kuchipatala kuti mukapeza nesi wina mwezi wamawa asayambirenso pachiyambi.

Nanga akandiuza kuti mankhwala atha?

Eee, ambiri sasiya mwadala ayi, amangobwezedwa pawindo kapena thiransipoti yavuta. Musadikire piritsi lomaliza, pitani kukadali a sabata yathunthu. Akakhala kuti kulibe funsani kuti akupezeka kuti, kapena akulembereni pepala mukagule ku famase, amitriptyline ndi fluoxetine si mankhwala osowa mtauni muno. Mukalephera zonse auzeni nesi kuti mwatsala ndi angati akuthandizeni kuwagawa bwino, kusiyana ndi kumwa dozi yonse mpaka lero mawa ziro. Zobwereka mapilisi a neba zokha ayi, kufanana mtundu si kufanana dzina.

Ndapemphereredwa ndipo ndikumva bwino, ndisiye?

Pempherani ndithu, palibe akukuletsani, koma kasiyidwe ndi komweko kwa pang'onopang'ono. Chimodzimodzi amayi amene azindikira kuti ndi oyembekezera, musataye mapilisi ndi mantha, pitani mukakambirane msanga sabata yomweyo.

Ndasiya kale ndipo zandigwira, nditani?

Ngati n'zopiririka, dziwani kuti zimatha, idyani, yendani pang'ono, mowa ndi khofi wambiri pewani, ndipo uzani munthu mmodzi wa pakhomo kuti adziwe chikuchitika. Ngati zikukulepheretsani ntchito bwererani kuchipatala, kawirikawiri amakubwezerani pa dozi yakale kenako n'kuyamba kutsitsa bwinobwino. Mukakhala kuti papita milungu yambiri musangoyambira nokha dozi yaikulu ija.

Ndi liti pofunika kuthamanga osadikira tsiku la kiliniki?

Mukayamba maganizo ofuna kudzipha kapena kudzivulaza, mukakhala masiku angapo osagona olo pang'ono uku mukulankhula kwambiri ndi kumwaza ndalama, mukasokonezeka osadziwa pamene muli, kapena wina akamwa mapilisi ambiri nthawi imodzi. Amitriptyline wochuluka amawononga kagundidwe ka mtima ndipo amapha, choncho ngati muli ndi wodwala amene maganizo sali bwino, mapilisi azisunga gadiyani, patali ndi ana. Zikatero pitani ku Gulupu, ku Queen Elizabeth Central Hospital, mbali ya zangozi imalandira anthu usana ndi usiku, mutenge buku la kuchipatala ndi paketi ya mankhwalawo ngakhale itakhala yopanda kanthu.