Oyilo ali pa pulomoshoni: mugule zigubu zingati musanaime?

Mitengo ya oyilo wa injini ikangotsitsidwa, funso limene timalandira kwambiri ife amakaniko ndi loti kodi oyilo akakhalitsa m'nyumba amaonongeka? Ndipo nthawi zambiri munthu amafunsa atagula kale makatoni awiri, akuganiza zobwerera kukatenga lachitatu. Ndiyambe ndi kunena kuti kugula oyilo wochuluka atatsika mtengo si kulakwa ayi, ine ndimalimbikitsa ndithu, chifukwa munthu amene ali ndi oyilo pakhomo sazengereza sevisi, tsiku likakwana amathira basi, pomwe uja wodikira kuti apeze kaye ndalama amayenda miyezi itatu ndi oyilo wakuda bii. Chimene ndikufuna mumvetse n'chakuti nambala ya zigubu zoti mugule imachokera ku injini yanu komanso nthawi imene mukhale ndi galimotoyo. Mtengo ulibe gawo pamenepo.

Tione kaye zili m'chigubumo. Oyilo wa injini ndi zinthu ziwiri zosakaniza, pali mafuta enieniwo amene ndi gawo lalikulu, ndiye pali mankhwala amene amathiramo ku fakitale. Ena amatsuka mwaye m'injini, ena amaugwira mwayewo kuti usaundane n'kukhala phala, ena monga ZDDP, amene ali ndi zinc ndi phosphorus, amateteza zitsulo zikamakhulana, ena amathandiza kuti oyilo asasungunuke kwambiri injini ikatentha. Mafuta enieniwo amatha kukhala nthawi yaitali osasintha, koma mankhwalawa ndi amene amafooka pang'onopang'ono, ena amadikha pansi, ena amaonongeka chinyezi chikalowa. Kampani ya ExxonMobil, imene imapanga Mobil 1, imanena kuti oyilo wawo wa injini asasungidwe kupitirira zaka 5, ndipo apa tikunena chigubu chosatsegula chosungidwa bwino. Tsono chimene anthu amaiwala ndi ichi, zaka zimenezi zimayamba kuwerengedwa tsiku limene oyiloyo anathiridwa m'chigubu ku fakitale, osati tsiku limene inu mwagula. Oyilo wa pa pulomoshoni nthawi zina amakhala kuti wagona kale m'sitolo chaka kapena ziwiri, n'chifukwa chake akumutsitsa kuti achoke. Tembenuzani chigubu, yang'anani pansi kapena chakukhosi, makampani ambiri amadinda tsiku kapena nambala ya batch, yosonyeza gulu la zigubu zopangidwa nthawi imodzi, pamenepo.

Ndiye tiwerenge masamu, ndi osavuta. Galimoto yaing'ono wamba imalowa oyilo malita 4 kapena kuposerapo pang'ono, buku la galimoto yanu likuuzani chenicheni. Mukamasintha kawiri pa chaka ndiye kuti malita 8, tionjezepo ena 2 othirira ngati injini imadya pang'ono, akwana 10 pa chaka. Munthu akamva zaka 5 zija amati ndiye ndingagule malita 50. Pa pepala n'zoona. Koma ine ndimauza makasitomala anga kuti a zaka ziwiri akwana, malita 20 pa chitsanzo chathuchi, kupitirira apo mwayamba kuchita juga, ndipo chifukwa chake si kuonongeka kwa oyilo kwenikweni, ndi chakuti galimoto imene muli nayo lero mwina si imene mudzakhale nayo zaka zinayi zikubwerazi. Imagulitsidwa, imachita ngozi, injini imafa mukuika ina, banja limakula mukufuna yaikulu.

Apa ndi pamene ndikufuna tikhalitse, chifukwa ndi pamene injini zambiri zimaphedwera. Pa chigubu chilichonse pamalembedwa zinthu ziwiri zofunika. Choyamba ndi kulemera kwa oyilo, zija za 20W-50, 10W-40, 5W-30, 0W-20. Nambala ya kumanzere kwa W imanena mmene oyilo amayendera injini ikadali yozizira, ya kumanja mmene amakhalira itatentha. Injini zakale zinali ndi mipata ikuluikulu pakati pa zitsulo, oyilo wolemera ankayenda bwinobwino. Zatsopanozi mipata ndi yothina, timisewu ta oyilo ndi tating'ono, ndipo zambiri zili ndi makina osintha nthawi yotsegukira mavalavu amene amayendetsedwa ndi oyilo yemweyo. Toyota inayamba kulemba 0W-16 pa Camry ya 2018, taganizani kupepuka kwake. Ndiye wina ali ndi zigubu khumi za 20W-50 zimene anagulira galimoto yakale, wagula yatsopano yofuna 0W-20, mukuganiza atani? Ambiri amathira womwewo, amati oyilo ndi oyilo, nanga nditaye? Mmawa uliwonse akaliza, oyilo wolemera uja amachedwa kufika kumutu kwa injini, zitsulo zimakhulana zouma kwa kamphindi, tsiku ndi tsiku, kenako tcheni cha m'injini chayamba kulira, nyale ya injini yayaka pa dashibodi. Ndalama imene anapulumutsa pa pulomoshoni siikwana ngakhale theka la kukonzako.

Chachiwiri ndi zilembo za API, bungwe la ku America limene limaika miyezo ya oyilo. Wa injini za petulo amayamba ndi S. Kunali SL mu 2001, SM mu 2004, SN mu 2010, SP mu 2020, chilembo chikamapita kutsogolo ndiye kuti muyezo ndi watsopano. Kawirikawiri oyilo wa muyezo watsopano amagwira ntchito pa injini yakale, koma wakale sakwanira pa injini yatsopano, msewu wake ndi wopita mbali imodzi. Chitsanzo chenicheni ndi timainjini ting'onoting'ono ta turbo timene timapopera petulo mwachindunji m'silinda. Timeneti tili ndi vuto lotchedwa LSPI, petulo amaphulika yekha pulagi isanathethetse, makamaka mukaponda moto injini ikuzungulira pang'onopang'ono, ndipo kuphulika kumeneku kumatha kuswa pisitoni. Anapeza kuti mankhwala otsukira a calcium akachuluka mu oyilo vutoli limakula, n'chifukwa chake mu 2018 anabweretsa SN Plus, kenako SP. Chigubu cha SL kapena SM chingakhale chosatsegula, choyera, cha kampani yodziwika, koma m'injini yotereyi n'choopsa. Ndipo onani bwino, oyilo amene amatsitsidwa kwambiri mtengo nthawi zambiri ndi wa muyezo umene ukupita, ogulitsa akufuna malo a watsopano.

A dizilo nanunso musaone ngati zakupitani. Galimoto yokhala ndi DPF, sefa ija yogwira mwaye ku ekizozi, imafuna oyilo wosiya phulusa lochepa, monga wa muyezo wa ku Ulaya wa ACEA C3 kapena umene buku lanena. Mukathira 15W-40 wakale wa malole phulusa limatseka sefayo, ndipo phulusa silipsa ngati mwaye, limangokhala momwemo. Mu 2016 API inatulutsa miyezo ya oyilo wa dizilo ya CK-4 ndi FA-4 nthawi imodzi, zigubu zimaoneka zofanana pa shelefu koma FA-4 anapangira injini zina zatsopano, si wothira paliponse. Za njinga yamoto mwachidule, zambiri kalachi yake imasambira mu oyilo yemweyo wa injini, zimafuna wolembedwa JASO MA kapena MA2, muyezo wa oyilo wa njinga zamoto, oyilo wa galimoto uja woterera kwambiri amachititsa kalachi kutsetsereka. Choncho maganizo oti wotsala ndidzathira pa njinga achotseni.

Palinso nkhani ya oyilo wachinyengo, ndipo imeneyi imandipweteka mtima chifukwa amene amagwa nayo ndi anthu osamala, ofuna kusunga galimoto zawo bwino. Alipo anthu amene amatolera zigubu zakale za makampani odziwika, kuthiramo oyilo wotchipa kapena wogwira kale ntchito wosefedwa, kutsekanso bwinobwino n'kumagulitsa motsika. Mtengo ukatsika mopitirira muyeso, kwa munthu amene simukumudziwa, musayambe ndi katoni. Gulani chimodzi, onani ngati chitsekero chili ndi mphete yake yosaduka, ngati zolemba zili zooneka bwino osati zofufutika, ngati nambala ya batch ilipo, tsegulani mununkhize, oyilo watsopano sanunkha kupsa. Mukagula khumi achinyengo ndiye kuti injini yanu ikhala ikudya zoipa kwa zaka, inu mukudziona kuti mukuisamala.

Kasungidwe n'kosavuta koma anthu amakupeputsa. Chigubu chikhale m'nyumba, pamthunzi, pouma, choimika, chitsekero chothina. Malo otentha masana n'kuzizira usiku ndi oipa chifukwa chigubu chimapuma, kukatentha mpweya umatuluka, kukazizira umalowa ndi chinyezi chake. Pa madiramu aja a malita 200 ndiye zimaonekeratu, mukaliimika panja mvula imadikha pamwamba, usiku likamazizira limayamwa madziwo kudzera pa chitsekero ngakhale chili chomanga. Diramu lisiyireni garaja kapena munthu wa magalimoto ambiri, pa galimoto imodzi silitha. Chigubu chotsegula kale yesetsani chithe mkati mwa chaka. Lembani tsiku logula ndi maka pa chilichonse, muziyamba ndi chakale, ndipo chimene chakhalitsa muchikhutchumule musanathire. Mukatsanula n'kuona oyilo wachita mbuu ngati muli mkaka, kapena pansi pali matope osasungunuka, ameneyo asalowe m'injini. Ikaninso kutali ndi moto komanso pamene ana sangafike, oyilo sayaka msanga ngati petulo koma moto ukabuka pa chifukwa china amaukoleza kwambiri. Paja ena akaona pulomoshoni amatenganso buleki fuluwidi wambiri, ameneyu ndiye ayi ndithu, amayamwa madzi a mumpweya akangotsegulidwa, gulani kabotolo kakang'ono pamene mukufuna kugwiritsa ntchito.

Nanga mudziwa bwanji kuti yakwana nthawi yoima? Ine ndimafunsa kasitomala kuti matayala ali bwanji, mabuleki anaonedwa liti, lamba wa timing watsala ndi makilomita angati. Nthawi zambiri mumapeza munthu ali ndi oyilo wa zaka zinayi m'nyumba koma matayala akutsogolo atha mpaka waya, ndalama yonse yagona m'zigubu. Oyilo wa chaka chachinayi sakuthandizani kalikonse lero, pomwe tayala lakutha likhoza kuphulika mawa muli ndi ana m'galimoto. Pulomoshoni imabweranso, oyilo sanasiye kupangidwa, ndipo amene mudzagule mtsogolomo adzakhala wa muyezo watsopano kuposa wa lero. Mukapeza kuti mukugula musanawerenge zigubu zili kunyumba, kapena mwatenga 10W-40 pomwe buku likuti 5W-30 pongoti ndi amene anatsitsidwa, kapena mwayamba kuganiza zogulitsa galimotoyo chaka chamawa, pamenepo bwezani chigubucho pa shelefu. Kuli bwino ndalama yotsalayo mugule mafyuluta awiri kapena atatu a injini yanu, chifukwa oyilo watsopano pa fyuluta yakale ndi ntchito ya theka chabe.

Kwa inu amene mwadzaza kale ndipo galimoto inasintha, musadzikakamize kumaliza oyiloyo m'injini yolakwika. Pezani munthu amene injini yake ikugwirizana ndi zolembedwa pa chigubupo, mugulitseni motsika kapena sinthanani, amakaniko ambiri amadziwa kasitomala amene akumufuna. Amene waonongeka kale musamutsanulire pansi kapena m'ngalande chifukwa amakathera m'madzi akumwa, mutengereni ku garaja kumene amasonkhanitsa oyilo wakutha, akathire pamodzi ndi winayo.