Akakuphwanyirani galimoto, musathamangire kwa panel beater kapena pa Facebook

Ntchito yanga ndi yoyendera magalimoto owonongeka, kuona kukula kwa bala lake n'kuwerengera ndalama zimene kampani ya inshuwalansi iyenera kulipira. Pantchito amatitcha ma assessor. Ambiri amaganiza kuti tsiku lonse timakhalira ngozi za pa Great East Road ndi Kafue Road, koma mafayilo amene amandizunguza mutu kwambiri ndi a magalimoto amene anali ataima phee. Mwini wake walowa m'Soweto Market, pobwera galasi la m'mbali alizula. Wina wakanda penti ndi msomali kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo. Wina wadzuka m'mawa, magetsi akumbuyo palibe, patsala mawaya okha.

Bambo wina wachikulire wa ku Chilenje anabwera ku ofesi atanyamula lisiti lolembedwa pamanja. Allion yawo anaikanda Lamlungu usiku, pofika Lachitatu inali itapentedwa kale. "Mwanawe, ndakuchepetsera ntchito," anatero akumwetulira, "iwe ungondibwezera ndalama zanga." Ndinawafunsa ngati anajambula zithunzi, kapena ngati anakafika kupolisi. Zonse ayi. Ndinawauza kuti, "Bambo, ine amandilipira kuti ndione pamene pawonongeka, ndiye inu mwapafufuta kale." Anachoka atakwiya, ndipo sindinawaimbe mlandu, chifukwa palibe amene anawafotokozera zimenezi tsiku limene ankalipira ndalama za inshuwalansi.

Choyamba dziwani chimene munagula. Lamulo la pamsewu la m'Zambia la 2002 limakakamiza galimoto iliyonse kukhala ndi inshuwalansi ya third party, ndipo ndi imene ambiri timagula kuti tidutse bwino pamalodibuloko a apolisi ndi a RTSA, bungwe loona za pamsewu. Imeneyi imalipira anthu ena amene inu mwawavulaza kapena kuwawonongera katundu. Galimoto yanu yomwe siikhudzidwa n'komwe, kaya aiphwanye magalasi onse. Pali ina yapakati imene imawonjezera moto ndi kuba, koma kukanda penti mwadala nthawi zambiri sikulowamo. Imene imalipira zowonongedwa mwanjiru ndi comprehensive. Nayonso ili ndi malire: mapolisi ambiri a inshuwalansi (mapepala a mgwirizano wanu ndi kampani) amapatula zipolowe, sitiraka ndi ziwawa zandale pokhapokha mutalipira padera, choncho mwala wa mwana wosewera ndi mwala wa gulu lochita zionetsero, ngakhale aswe galasi lomwelo, kwa ife ndi nkhani ziwiri. Ndipo ngati munalembetsa kuti galimoto ndi yoyendera banja, koma masana imanyamula anthu pa Yango, konzani zimenezo lero lomwe, chifukwa kampani ikazindikira ili ndi chifukwa chokwanira chokanira.

Mukapeza galimoto yawonongedwa, isiyeni mmene ilili kaye. Jambulani muli patali kuti malo aoneke ndi nambala ya galimoto, kenako muyandikire pabala penipeni. Magalasi osweka musawasese musanajambule. Funsani mlonda kapena wogulitsa pafupi chimene anaona, mulembe nthawi. Pitani kupolisi ya dera limene zachitikira. Kuwononga katundu wa munthu mwadala ndi mlandu m'malamulo a dziko lino, ndipo ngakhale mukudziwa kuti mwina sadzamugwira munthuyo, lipoti la apolisi ndi pepala limene kampani idzafuna. Kenako imbirani kampani kapena broker wanu (mkhalapakati amene anakugulitsani inshuwalansi) tsiku lomwelo, mutumizenso uthenga wolemba kuti pakhale umboni wa tsiku. Polisi iliyonse ya inshuwalansi ili ndi masiku ake odziwitsira kampani, ndipo kuchedwa kwagwetsa madandaulo ambiri abwinobwino.

Koma si bala lililonse loyenera kupita nalo ku inshuwalansi. Pali ndalama ija yotchedwa excess, gawo limene mumalipira nokha pa dandaulo lililonse. Tiyerekeze kuti yanu ndi K2,500, ndipo galasi la m'mbali la Vitz mwalipeza pa K1,800 pamodzi ndi kuikitsa. Pamenepo palibe chimene kampani ingakupatseni. Likakhala K3,500 mulandira K1,000 yokha, n'kutayanso kuchotsera kuja kumene amapatsa munthu amene watha chaka osadandaula. Werengerani musanalembe fomu. Kudziwitsa kampani kokha sikukukakamizani kulandira ndalama. Windscreen onani padera, chifukwa mapolisi ena amaipatsa malire akeake ndi excess yocheperapo.

Msampha umene umagwira ambiri ndi mtengo wa galimoto. Mitengo imasintha ndi kwacha, koma anthu amangolembetsa chiwerengero chomwe chija chaka ndi chaka kuti alipire zochepa. Tinene kuti galimoto yanu pamsika ndi K200,000 koma munalembetsa K120,000. Mwatchinjiriza magawo 6 pa 10 okha. Ngati polisi yanu ili ndi ndime yotchedwa average, kukonza kwa K20,000 kampani ilipirapo K12,000, n'kuchotsanso excess. Palinso nkhani ya zinthu zotha ndi ntchito: akakuboolerani matayala anayi amene anali atatsala pang'ono kusalala, musayembekezere anayi atsopano kwaulere. Inshuwalansi imakubwezerani pamene munali dzulo, sikukukwezani.

Za kukonza ndinene pang'ono. Penti ya galimoto ili ndi zigawo: yowala yapamwamba, yamtundu, ya primer, kenako chitsulo. Yendetsani chikhadabo pamkandopo. Chikapanda kukodwa, kawirikawiri kupolisha kokha kumachotsa. Chikakodwa n'kuoneka zotuwa kapena chitsulo, pafunika kupenta, ndipo mvula ikayamba mu Novembala dzimbiri silichedwa. Wopenta wodziwa ntchito amawazanso pang'ono zitseko zoyandikana kuti mtundu ufanane, makamaka penti ya siliva ndi ya pearl, n'chifukwa chake mtengo wake umaoneka wokwera poyerekeza ndi wa pansi pa mtengo. Sindinyoza amisiri a m'makomboni, ena manja awo ndi odabwitsa, koma ngati kampani ndiyo ikulipira, dikirani kalata yake yovomereza musanalole munthu kugwira chitsulo. Ndipo masipeya otchipa modabwitsa, opanda lisiti, muwaganizire kawiri. Galasi limene mukugula lero mwina lazulidwa pagalimoto ya mnzanu dzulo, ndipo msika umenewu ndi umene umabweza anyamata aja kwa inu. Kulembetsa nambala ya galimoto pamagalasi ndi kukhomera magetsi ndi ma rivet, monga ambiri amachitira muno mu Lusaka, kumathandiza chifukwa chinthu cholembedwa chimavuta kugulitsa.

Tsopano kamera ya m'galimoto, imene amaitcha dash cam. Ndimaikonda, chifukwa yathetsa mikangano yambiri imene kale tinkangoti mawu a uyu ndi mawu a uyo. Koma ambiri sadziwa mmene imagwirira ntchito. Imajambula timavidiyo tatifupi, khadi ikadzaza imafufuta zakale n'kulembapo zatsopano. Mukapeza galimoto yaphwanyidwa n'kuyendetsa tsiku lonse m'tauni, umboni wa usiku uja ukhoza kufufutika musanafike kunyumba. Chotsani khadi nthawi yomweyo, koperani pakompyuta, ndipo fayilo yoyambayo musaidule kapena kuisintha. Imene mwatumiza pa WhatsApp imafika itachepa mphamvu, nambala ya galimoto n'kusawerengeka. Onaninso kuti tsiku ndi nthawi pakamera n'zolondola. Ndalandirapo vidiyo yabwino kwambiri yosonyeza chaka cholakwika, n'kutha sabata tikufotokozerana. Komanso makamera ambiri amazima mukazimitsa injini. Kuti ijambule galimoto itaima iyenera kukhala ndi parking mode ndi kulumikizidwa bwino ku batire, ndi kachipangizo kodula moto batire isanathe. Ikaoneka kwambiri pagalasi, nayonso imasanduka chinthu chobedwa.

Vuto lalikulu limabwera vidiyo ikagwira nkhope. Mtima umawawa, chala chimathamangira pa Facebook: "Amene akumudziwa wakuba uyu atiuze." Apa ndi pamene ndimapempha anthu kuugwira mtima. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu, Data Protection Act ya 2021, ndipo nkhope ya munthu, mawu ake ndi nambala ya galimoto yake ndi zinthu zomuzindikiritsa. Lamuloli silikhudza munthu amene akusunga zimenezi pa ntchito yake ya iye mwini, choncho kukhala ndi kamera m'galimoto yanu n'kupereka vidiyo kwa apolisi kapena ku kampani yanu ya inshuwalansi si vuto. Koma mukaimwaza kwa anthu zikwizikwi, n'kovuta kunenanso kuti ndi ya inu nokha. Kuwonjezera apo pali mlandu woipitsa mbiri ya munthu. Vidiyo ya usiku, makamaka magetsi atazima, imanamiza. Mnyamata amene waoneka akusuzumira pagalasi pa 02:10 mwina si amene analiswa pa 01:40. Mukamulemba kuti wakuba, ndinu amene mudzafunika kutsimikiza. Ndipo tonse tikudziwa chimene chimachitika pamsika gulu likamva mawu akuti "kawalala". Akakhala mwana, nkhani imakula kwambiri, chifukwa malamulo amateteza ana ngakhale amene akuganiziridwa mlandu. Ngati cholinga chanu n'kuchenjeza anzanu za malo oopsa, nenani malo ndi nthawi, nkhope ndi manambala muzibise.

Amene muli ndi magalimoto a kampani, mataxi kapena mabasi, nkhani yanu ndi ina. Kujambula madalaivala ndi okwera monga gawo la bizinesi si ntchito ya munthu payekha, ndipo lamulo limakukhudzani mokwanira: anthu adziwe kuti akujambulidwa, pakhale chifukwa chomveka, mavidiyo asungidwe motetezeka ndipo asakhale mpaka kalekale. Kachikwangwani kakang'ono m'galimoto sikadula. Maikolofoni ndimalangiza kuti muzimitse ngati mulibe chifukwa chenicheni. Wokwera amene akukambirana ndi mlamu wake za matenda kapena ngongole sanakwere kuti mawu ake akathere m'gulu la WhatsApp la madalaivala. Mukasiya galimoto kugalaja, auzeni amakaniko kuti muli kamera. Ndi ulemu, komanso amagwira ntchito mosamala akadziwa.

Kumbukiraninso kuti kamera ilibe mbale. Imajambula liwiro lanu, foni imene munkayankha, ndi chipata cha nyumba yanu m'mawa uliwonse. Ndikapempha vidiyo ndimafuna yonse, osati kachidutswa kamene kakukomerani, ndipo kudula kumabweretsa mafunso ambiri kuposa kusakhala nayo n'komwe. Mukagulitsa galimoto, khadi ichoke.

Kampani ikakana kulipira, musakhutire ndi mawu apafoni. Pemphani kalata yotchula ndime ya polisi ya inshuwalansi imene yagwiritsidwa ntchito, mudandaule molemba ku kampaniyo, ndipo zikakanika pitani ku Pensions and Insurance Authority, bungwe limene limayang'anira makampani a inshuwalansi m'Zambia ndi kulandira madandaulo a anthu. Popita kumeneko tengani polisi yanu ya inshuwalansi, lisiti la malipiro, lipoti la apolisi, zithunzi za tsiku loyamba, ndi fayilo yoyamba ya vidiyo ija mmene inatulukira m'kamera.