Kuloweza mawu si kukonzeka: sewero silipsa pa masabata awiri

"Ana aloweza kale mawu onse, aphunzitsi, mungobwera mudzawapukute." Mawu amenewa ndimawamva chaka ndi chaka, mpikisano wa zisudzo za m'sukulu wa ATEM kapena wa NASFEST ukatsala masabata awiri. Atsogoleri a magulu a achinyamata a ku tchalitchi nawonso ndi chimodzimodzi Khirisimasi ikayandikira. Ndipukute chiyani? Gulu limene langoloweza mawu silinayambe n'komwe ntchito.

Ukafika pamalopo umapeza zomwezomwezo. Pali mnyamata mmodzi wa pakamwa pothwa amene sukulu yonse imamudziwa kuti ndi woseketsa, ndipo sewero lonse alimangira pa iye. Ena khumi ndi awiri andanda kumbuyo ngati akudikira kujambulidwa. Akuti ndi bwalo la amfumu, mlandu wa malo uli mkati, koma palibe amene akuoneka kuti mlanduwo ukumukhudza. Aliyense akungodikira nthawi yake yolankhula.

Tengani gawo la anthu awiri: mtsikana wapita kwa amalume ake kukapempha ndalama ya fizi. Pamene mtsikanayo akulankhula, yang'anani milomo ya amalumewo. Ikugwedera pang'onopang'ono, akunena chamumtima mawu a mnzawo kuti asaphonye polowera. Maso ali kwa anthu oonera. Mtsikana atagwada, kulira, kapena kutuluka osatsanzika, yankho lawo lituluka chimodzimodzi, liwu lomwelo, dzanja lomwelo m'mwamba. Oonera mwina sangatchule chimene chalakwika, koma amayamba kukanda mafoni awo.

Chimene chasowa apa ndi kumvetsera, ndipo kumvetsera munthu sakuphunzira yekha kunyumba atagwira pepala. Muone amayi awiri akusinja mu mtondo umodzi: wina sayang'ana munsi wake, amamva wa mnzake, ndipo mnzakeyo akachedwa pang'ono iye amachedwanso. Anthu awiri pa siteji amafika pamenepo akayeserera limodzi tsiku ndi tsiku kwa nthawi yaitali. Sanford Meisner, amene anaphunzitsa zisudzo zaka zambiri ku Neighborhood Playhouse mu New York, ankayamba ndi chinthu chooneka chopusa: awiri akhala moyang'anizana, wina anena chimene akuona pa mnzake, mnzakeyo abwereza, wina abwerezanso, mpaka mawuwo asinthe okha chifukwa cha zimene zikuchitika pakati pawo. Ophunzira ankakhala pa zimenezi masabata ambiri asanapatsidwe sewero. Ine ndikachititsa zomwezi kuno, tsiku loyamba ana amangoseka. Sabata yachiwiri ikamatha m'pamene wina amayamba kuona kuti mnzake wakwiya zenizeni, n'kuyankha mkwiyowo m'malo moyankha pepala. Ndiye wina akufuna zonsezi zitheke Loweruka limodzi.

Magulu amene anasintha zisudzo sanachite mothamanga. Mu 1898 akatswiri a zisudzo a ku Russia, Konstantin Stanislavski ndi Vladimir Nemirovich-Danchenko, anatenga gulu lawo la Moscow Art Theatre kupita nalo ku Pushkino, kunja kwa mzinda, mu June, ndipo anaonetsa sewero loyamba mu October. Kwathu kuno, Du Chisiza Jr atakhazikitsa Wakhumbata Ensemble Theatre mu 1987, anthu ake ankatenga zisudzo ngati ntchito yodyera, osati zongocheza madzulo. Anthu amakumbukira Du yekha, koma atamwalira mu 1999 Gertrude Kamkwatira, amene anakulira m'gulu lomwelo, anatha kulitsogolera, kenako n'kuyambitsa lake la Wanna Do. Munthu wotero satuluka m'gulu limene ena onse amangoimirira kumbuyo kwa katswiri mmodzi.

Koma kuchedwa kokha ndikhoza kukhululuka. Chimene chimandiwawa ndi anthu amene kuchedwako kumaitana. Nthawi ikathina, aphunzitsi oyang'anira kalabu amagwira aliyense wonena kuti anaonekapo pa kanema. Amabwera ndi maphunziro a masiku atatu, ndalama yolembetsera, ndi satifiketi yokongola pamapeto. Zimene amaphunzitsa ndi ziwiri: kukuwa ndi kulira.

Pa sukulu ina ndinapeza mtsikana wa Fomu 3 amene ankasewera mayi wamasiye. Mphunzitsi wobwera uja anali atafunsa ana kuti ndani anaferedwapo, mtsikanayu n'kukweza dzanja. Mayi ake anali atamwalira chaka chapitacho. Tsiku lililonse bamboyo ankamuimika pakati pa anzake n'kumuuza kuti afotokoze bokosi, nyimbo za pa maliro, dothi likugwera m'manda, mpaka misozi ituluke. Ikatuluka ankawomba m'manja, "Eya, ndi imeneyo, igwire!" Pamene ndinkafika, mwanayo ankanjenjemera gawo lake likamayandikira, ndipo akayamba kulira sankamvanso chimene mnzake akunena. Sewero linkaima, anzake n'kumangoyang'anana. Tinayesa kubwerera pa chiyambi. Ndinamupatsa chitenje choti azipinda, ndi chinthu chimodzi choti achite: aletse alamu ake kutenga njinga ya malemu. Zinayamba kuyenda, chifukwa maso ake anali pa alamuwo, osati pa manda. Koma masiku anali atatha. Anasewera pa mpikisano, kenako anasiya kalabu, ndipo sanabwererenso. Anali ndi khutu labwino kuposa onse m'gulumo.

Anthu oterewa amati njira imeneyi ndi ya Stanislavski. N'zoona kuti poyamba iye ankagwiritsa ntchito zokumbukira za wochita sewero, koma m'zaka zake zomaliza anatsamira pa zochita: munthuyu akufuna chiyani kwa mnzake, ndipo akuchita chiyani kuti achipeze. Stella Adler, wochita zisudzo wa ku America, anakaphunzira kwa iye ku Paris mu 1934 n'kubwerera ku America ndi uthenga womwewo. Ndiponso ophunzira a Stanislavski anali akuluakulu ozisankhira okha, osati mwana wa sukulu woopa kukana.

Za kukuwa sindinena zambiri. Mwana akabwera ku nyumba mawu atasasa masiku atatu otsatizana, akuphunzitsidwa molakwika. Liwu lofika kumbuyo kwa holo limachokera ku mpweya, osati kukhosi.

Makolo ndi aphunzitsi, musanapereke ndalama, pitani mukakhale kumbuyo muone tsiku limodzi. Ngati mphunzitsiyo akukana kuti muonere, mwadziwa kale. Ngati akusewera yekha gawo lililonse n'kumauza ana kuti amutsanzire, mudzapeza anthu khumi olankhula ngati munthu mmodzi. Muone ngati mwana wopanda mawu, uja wangokhala pa mphasa pa bwalo la amfumu, akudziwa kuti iye ndi ndani pa mlanduwo ndiponso ali mbali ya yani. Ndipo aliyense woitana mtsikana yekha madzulo kuti "akamuthandize gawo lake", muchotseni tsiku lomwelo, osadikira kuti mpikisano udutse. Palibe gawo la sewero limene limafuna chitseko chotseka.

Ngati mukufuna kudzapikisana teremu yachiwiri, gulu liyambe kukumana teremu yoyamba, katatu pa sabata, anthu omwewo, ngakhale sewero lisanasankhidwe. Mukandiimbira kutatsala masabata awiri ndibwera ndithu, koma chimene ndingathe ndi kukonza polowera ndi potulukira basi.